Kulondola kwa mayankho a ana pa zakudya zomwe adya

Kulondola kwa mayankho a ana pa zakudya zomwe adya ndi nkhani imene akatswiri a za kadyedwe akhala akuifufuza kwa zaka zambiri. Funso lake ndi lakuti: mwana akafunsidwa zomwe anadya dzulo, kodi yankho lake limayandikira bwanji zomwe zinalowadi m'mimba mwake? Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa ziwerengero zambiri zokhudza kadyedwe ka ana sizichokera pa sikelo kapena m'makina a kuchipatala, koma m'mawu a munthu amene wafunsidwa, kaya mwanayo kapena mayi ake. Boma ndi mabungwe amagwiritsa ntchito ziwerengero zoterezi poona madera omwe ana akusowa zakudya zina, komanso poona ngati ntchito monga ya phala la kusukulu ikuthandizadi.

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Malawi, wasonyeza kuti ana kawirikawiri sanama dala. Amalakwitsa ndithu, koma kulakwitsa kwawo kumatsata njira zodziwika. Amaiwala kwambiri zakudya zotolatola, amatchula zakudya zomwe anadya tsiku lina, ndipo amavutika kunena kuchuluka kwa zomwe adya. Nkhani ino ikufotokoza zimenezi potengera moyo wa ana a ku Thuchila, m'boma la Mulanje.

Njira zofunsira

Njira yofala kwambiri ndi yofunsa munthu zonse zomwe wadya ndi kumwa m'maola 24 apitawa. Wofunsayo amayambira pomwe mwana anadzuka mpaka pomwe anagona, n'kumalemba chakudya chilichonse, nthawi yake ndi kuchuluka kwake. Ndi njira yotchipa ndipo sifuna kuti wofunsidwayo adziwe kulemba. Vuto lake n'lakuti zonse zimadalira kukumbukira.

Pali njira ina yofunsa kuti chakudya chakutichakuti munthu amadya kangati pa sabata kapena pa mwezi. Imeneyi ndi yovuta kwa ana chifukwa imafuna kuwerengetsera ndi kumvetsa bwino nthawi. Njira yachitatu ndi yolemba m'kope chakudya chilichonse pa nthawi yomwe chikudyedwa, ndipo nthawi zina chakudyacho chimayezedwa pa sikelo chisanadyedwe, kenako n'kuyezanso chotsala. Njira ya sikeloyi ndi yolondola kuposa zinazo, koma imatopetsa, ndiponso banja likhoza kusintha kaphikidwe chifukwa choti pakhomo pali mlendo amene akuyang'ana mumphika.

Mmene kulondolako kumayezedwera

Kuti adziwe ngati mwana wanena zoona, ochita kafukufuku amayenera kudziwiratu zomwe mwanayo wadya. Njira imodzi ndi yongomuyang'ana akudya. Ku United States, katswiri wina dzina lake Suzanne Domel Baxter ndi anzake anachita izi kwa zaka zambiri ndi ana a zaka 9 ndi 10 a m'masukulu a ku Georgia ndi South Carolina. Anthu ophunzitsidwa bwino ankaima chapatali nthawi ya kadzutsa ndi nkhomaliro ya kusukulu, n'kumalemba zomwe mwana aliyense wadya, zomwe wasiya ndi zomwe wasinthana ndi mnzake. Pambuyo pake ana aja ankafunsidwa.

Mayankho amagawidwa patatu. Pali zakudya zomwe mwana anadyadi ndipo wazitchula, pali zomwe anadya koma sanazitchule, ndipo pali zomwe wazitchula chonsecho sanadye. Mwachitsanzo, tinene kuti mwana wadya zinthu 8 pa tsiku ndipo pofunsidwa watchula 6, koma mwa zimenezi zoona ndi 5 zokha. Ndiye kuti waiwala zinthu 3 mwa 8 zomwe anadya, ndipo chinthu chimodzi mwa 6 zomwe wanena ndi chongowonjezera. Wongowerenga kuchuluka kwa zinthu angaganize kuti mwanayu waphonya ziwiri basi, pamene zolakwika zake ndi zinayi. Ichi n'chifukwa chake zoiwalika ndi zowonjezera zimawerengedwa padera.

Lipoti lomwe Baxter ndi anzake anatulutsa mu 2002 linasonyeza kuti ana ofunsidwa mmawa wa tsiku lotsatira ankaiwala pafupifupi theka la zinthu zomwe anaonedwa akudya, ndipo zinthu zoposa chimodzi mwa zitatu zilizonse zomwe ankatchula sanadye pa chakudya chimenecho. Zowonjezerazo sizinali zopeka mumutu ayi. Zambiri zinali zakudya zenizeni za kusukuluko, zomwe zinaperekedwa tsiku lina. Kafukufuku wawo wotsatira anasonyeza kuti nthawi ikamatalika pakati pa kudya ndi kufunsidwa, zolakwika zimachuluka. Mwana wofunsidwa masana za phala lomwe wamwa mmawa womwewo amayankha bwino kuposa wofunsidwa mawa lake madzulo, pamene wadya kale zakudya zina zingapo zomwe zimasokoneza kukumbukira.

Njira ina yoyezera imatchedwa doubly labelled water. Anaitulukira ndi Nathan Lifson ku Minnesota m'zaka za m'ma 1950, ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu mu 1982. Munthu amamwa madzi pang'ono okhala ndi mitundu yapadera ya hydrogen ndi oxygen yomwe sivulaza thupi. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri mkodzo wake umayezedwa, ndipo liwiro lomwe zinthu ziwirizi zikutha nalo m'thupi limasonyeza kuchuluka kwa mphamvu zomwe thupi lagwiritsa ntchito. Ngati munthu sakunenepa kapena kuwonda, mphamvu zomwe wagwiritsa ntchito zimafanana ndi zomwe wapeza m'chakudya. Choncho akanena kuti amadya zochepa kwambiri kuposa pamenepo, zimadziwika kuti pali zomwe sanatchule. Njirayi ndi yodula, ndipo siingauze munthu kuti chomwe chaiwalika ndi mango kapena nsima. Imangosonyeza kuti chilipo chomwe chikusowa.

Msinkhu wa mwana

Akatswiri ambiri amagwirizana kuti mwana wosakwana zaka 7 kapena 8 sangafotokoze payekha zomwe anadya dzulo mokhulupirika. Pa msinkhu umenewu mawu akuti dzulo, dzana ndi tsiku lija amasakanikirana, mayina a zakudya zina sawadziwa, ndipo amatopa msanga ndi mafunso. Kuyambira zaka 8 mpaka 10 luso lokumbukira limakula msanga, moti mwana amatha kutchula mitundu ya zakudya pafupifupi ngati mmene kholo lake lingachitire. Kunena kuchuluka kwake ndiye kumakhalabe kovuta, ngakhale kwa akuluakulu.

Pa kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi kadyedwe wa ku United States wotchedwa NHANES, kholo ndi lomwe limayankhira mwana wosakwana zaka 6. Wa zaka 6 mpaka 11 amayankha mothandizana ndi kholo, ndipo wa zaka 12 kupita mtsogolo amayankha yekha. Mu 2010, Tracy Burrows ndi anzake a ku Australia anaunika malipoti omwe anafananitsa mayankho ndi njira ya madzi ija. Anapeza kuti kwa ana a zaka 4 mpaka 11, zotsatira zabwino zimabwera pamene mafunso a maola 24 abwerezedwa kwa masiku osachepera atatu, kuphatikizapo la kumapeto kwa sabata, makolo akuyankha.

Munthu angayembekezere kuti achinyamata a kusekondale aziyankha bwino kuposa ana a ku pulayimale, koma si mmene zilili. Kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America anapeza kuti ambiri a zaka 15 mpaka 18 amachepetsa zomwe adya, makamaka amene ali onenepa. Wachinyamata amadya malo ambiri, pa nthawi zosakhazikika, ndipo amakhala atayamba kudera nkhawa za mmene anthu amaonera thupi lake.

Kafukufuku wa ku Malawi

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mu 1989, Elaine Ferguson ndi Rosalind Gibson, omwe pa nthawiyo anali pa yunivesite ya Guelph ku Canada, anatulutsa lipoti lofananitsa mayankho a maola 24 ndi chakudya choyezedwa pa sikelo cha ana a kumudzi ku Malawi a zaka 4 mpaka 6. Anachitanso kafukufuku wofanana naye ku Ghana, kenako wina wa amayi a kumudzi ku Malawi yemwe anatuluka mu 1995. Zolakwika zazikulu zomwe zinkabwerezeka zinali ziwiri: kuiwala zotolatola ndi zipatso, komanso kuphonya muyeso wa chakudya chachikulu, chomwe kuno ndi nsima.

Pofuna kuchepetsa zolakwikazi, akatswiri awiriwa anakonza njira yofunsira yomwe wofunsidwayo amakonzekeretsedwa tsiku lisanafike. Amayi amasonkhanitsidwa n'kuphunzitsidwa kayezedwe ka chakudya. Aliyense amapatsidwa pepala la zithunzi za zakudya za m'deralo kuti azichonga chilichonse chomwe chadyedwa, ndipo izi sizifuna kudziwa kuwerenga. Amapatsidwanso mbale yapadera kuti pa tsikulo wofufuzidwayo adyere payekha, osati m'mbale ya onse. Tsiku lofunsa, wofunsayo amabwera ndi nsima yeniyeni yothira mchere wambiri kuti isawonongeke msanga. Mayi amatapa nsima yofanana ndi yomwe inadyedwa, ndipo imeneyo ndi yomwe imaikidwa pa sikelo. Buku lofotokoza njirayi linatuluka mu 1999 ndipo bungwe la HarvestPlus linalisindikizanso mu 2008. Lero njira yomwe inayesedwa m'midzi ya ku Malawi ikugwira ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

Komabe njirayi sinathetse vuto lonse. Kafukufuku wa Chrissie Thakwalakwa ndi anzake pa ana a miyezi 15 a ku Mangochi, yemwe anatuluka mu 2012, anapeza kuti mayankho a olera ana ankapereka chakudya chochuluka kuposa chomwe sikelo inasonyeza. Izi n'zomveka kwa aliyense amene anadyetsapo mwana wamng'ono phala. Mayi amakumbukira phala lomwe anaika m'mbale, koma lina linatayika pansi, lina linapakika pa malaya, lina anamaliza ndi mkulu wake wa mwanayo.

Kwa ana okulirapo oyankha okha, kafukufuku wa ku Burkina Faso yemwe anatuluka mu 2020 anafananitsa mayankho a ana a zaka 10 mpaka 14 ndi chakudya chomwe anaonedwa akudya. Nakonso zoiwalika kwambiri zinali zotolatola, zipatso ndi zakumwa, ndipo a zaka 12 mpaka 14 anayankha bwinoko kuposa ang'ono awo.

Tsiku la mwana wa ku Thuchila

Thuchila ndi dera la m'boma la Mulanje lomwe limadziwika ndi dzina la mtsinje wa Thuchila. Mtsinjewu umachokera m'phiri la Mulanje, umadutsa m'chigwa n'kukathira mu Ruo. Boma la Mulanje linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018, ndipo minda ya mabanja ambiri ndi yaing'ono. Anthu amalima chimanga chosakaniza ndi nandolo, chinangwa, mbatata, khobwe ndi mapira. Ambiri ndi Alhomwe, ngakhale chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ndi Chichewa. Kadyedwe ka m'dera lotere kali ndi zinthu zingapo zomwe zimasokoneza mafunso olembedwa mu ofesi.

Choyamba ndi mawu oti kudya. Kwa anthu ambiri akumudzi, munthu wadya ngati wadya nsima. Mwana amene mmawa anadya mbatata yootcha, masana n'kutafuna nzimbe ndi mango asanu, akhoza kuyankha ndi mtima wonse kuti sanadye kanthu chidzukire. Sakunama, akuyankha funso monga walimvera. Chimodzimodzinso thobwa ndi phala, zomwe anthu amati amamwa. Wofunsa amene wangoti "unadya chiyani" osawonjezera za kumwa, kutafuna ndi kubwira, amataya zakudya zomwe zimapereka mphamvu zambiri. Chimanga chokazinga chimabwiridwa, nzimbe imatafunidwa, ndipo palibe mwana amene amaziika m'gulu limodzi ndi mgonero.

Chachiwiri ndi zotolatola zenizenizo. Mwana wa sukulu amachoka pakhomo mmamawa, ndipo zambiri zomwe amadya asanabwerere mayi ake sazidziwa. Panjira pali mitengo ya mango ndi magwafa. Pa nthawi yopuma, pafupi ndi sukulu pamakhala amayi ogulitsa zitumbuwa, mandasi, zigumu, chinangwa chophika ndi mtedza, ndipo amene alibe ndalama amanyemeredwa ndi mnzake. Madzulo kudambo kapena kobusa mbuzi, anyamata amakumba mbewa, amagwira ziwala, ndipo mvula ikayamba amatola ngumbi. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma n'zimene zimanyamula michere yomwe nsima ilibe. Mango akupsa ali ndi vitamini A, gwafa ali ndi vitamini C wambiri, ngumbi zili ndi mafuta ndi zomanga thupi. Zikasowa pa pepala, mwana amaoneka ngati sadya zipatso kapena zanyama mpang'ono pomwe. Apa mfundo yoti kholo limayankha bwino kuposa mwana imafooka, chifukwa inachokera makamaka m'mayiko momwe ana amadyera patebulo makolo akuona. Ku Thuchila mayi amadziwa za mumphika, mwana amadziwa za panjira, ndipo palibe mmodzi mwa awiriwa amene ali ndi tsiku lonse m'mutu.

Pali zotolatola zina zomwe mwana amazikumbukira bwino koma sanganene pamaso pa makolo: nzimbe yothyola m'munda mwa eni, mtedza wotapa m'thumba la mbewu, kapena chitumbuwa chogula ndi chenji cha kuchigayo. Ngati mayi wakhala pambali pa nthawi yofunsa, zoterezi sizituluka.

Chachitatu ndi mbale imodzi. M'mabanja ambiri ana amadyera limodzi, nsima mbale imodzi, ndiwo mbale ina. Mayi akhoza kunena kuti anaomola mitanda ingati, koma sangadziwe kuti mwana uyu anatema mbamu zingati ndipo mnzake zingati. Wamkulu ndi wamanja othamanga amadya zambiri, wamng'ono amatsalira. Mitanda nayonso siifanana, chifukwa zipande zimasiyana kukula. Popeza chimanga chimapereka mphamvu zoposa theka la zomwe Amalawi ambiri amapeza m'chakudya, kulakwitsa pang'ono pa nsima kumasintha chiwerengero cha tsiku lonse. Kuiwala gwafa mmodzi kumakhudza vitamini, koma kuphonya theka la mtanda kumakhudza yankho la funso loti mwanayu akukhuta kapena ayi. Palinso mkute, nsima yotsala usiku yomwe ana amadya mmawa, womwe kawirikawiri sutchulidwa ngati kadzutsa.

Akatswiri anaonanso khalidwe lina pa nkhani ya muyeso: amene adya zochepa amakonda kuwonjezera, ndipo amene adya zambiri amakonda kuchepetsa. Onse amakokera pakati, pa muyeso womwe akuona kuti ndi wa munthu aliyense. Zotsatira zake n'zakuti chiwerengero cha gulu lonse chimaoneka cholondola, pamene ana omwe akudya mopereweradi abisika.

Ndiwo zili ndi vuto lawo. Mwana amadziwa kuti anadya nkhwani, chigwada, kholowa, nandolo, matemba kapena kalongonda. Sadziwa kuti munalowa mafuta ochuluka bwanji, nsinjiro zingati, kapena ngati masamba anaphikidwa ndi soda. Nkhwani wotendera ndi nkhwani wongowiritsa ndi mchere ndi dzina limodzi, koma m'thupi ndi zakudya ziwiri zosiyana. Akati mbatata, wofunsa ayenera kudziwa ngati inali yoyera mkati kapena yofiirira ngati ya mtundu wa Zondeni, chifukwa yofiirirayo ndi imene ili ndi vitamini A. Akati nsima, pafunika kudziwa ngati inali ya mgaiwa, ya ufa woyera kapena yosakaniza ndi ufa wa makaka. Mafunso amenewa ndi a wophika, osati a wodya. Atsikana okulirapo omwe amathandiza kukhitchini amawayankha bwino kuposa anyamata.

Phala la kusukulu

M'masukulu ambiri a m'chigawo chakummwera ana amalandira phala mmawa. Bungwe la World Food Programme linayamba ntchito yodyetsa ana a sukulu ku Malawi mu 1999, ndipo la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana 200. Phala lofala ndi la ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, lomwe anthu amalitcha Likuni Phala.

Poyerekeza ndi zakudya zina, phalali ndi losavuta kukumbukira chifukwa limaperekedwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Koma chizolowezi chomwecho chimabweretsa vuto la zowonjezera lomwe linaoneka ku Georgia. Mwana amene amamwa phala masiku onse a sukulu akhoza kunena kuti dzulo anamwa, pamene dzulolo anachedwa, kapena nkhuni zinasowa ndipo phala silinaphikidwe. Akuyankha za masiku onse, osati za dzulo. Muyeso nawonso ndi wosatsimikizika: makapu omwe ana amanyamula ndi osiyana kukula, phala la pamwamba pa mphika ndi la pansi limasiyana kulimba, ndipo ena amagawira mnzawo kapena kusungira mng'ono wawo kunyumba.

Funso lomwe oyendetsa ntchito ya phala amafuna kudziwa ndi lakuti phalalo likuwonjezera pa chakudya cha kunyumba kapena likungolowa m'malo mwake. Ngati banja lasiya kupatsa mwana kadzutsa poti akamwa phala, phindu lake limachepa. Yankho la funso limeneli lingachokere kokha m'mawu a ana ndi makolo, ndipo onsewo amadziwa kuti yankho lawo likhoza kukhudza tsogolo la phalalo.

Manyazi, mantha ndi chiyembekezo

Si zolakwika zonse zomwe zimachokera pa kuiwala. Mwana wa ku Malawi amaleredwa kuti alemekeze mlendo ndi wamkulu, ndipo kutsutsa wamkulu ndi mwano. Wofunsa akati "unadya nsima ndi nyemba eti?", mwana amangoti eya. Mafunso otsogolera yankho chonchi ndi oletsedwa pa kafukufuku wabwino, koma wofunsa amene watopa ndipo watsala ndi makomo ambiri amagwa nawo mosavuta.

Kusukulu ana amaphunzira magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana wakhama m'kalasi amadziwa yankho lomwe aphunzitsi amalikonda, ndipo mlendo wonyamula pepala ndi cholembera amaoneka ngati akupereka mayeso. Winanso amachita manyazi kunena pamaso pa anzake kuti kwawo anagona ndi njala kapena anadya therere masiku atatu otsatizana, choncho amatchula tiyi wa mkaka ndi buledi. Kumbali ina, m'chaka cha njala mabanja amadziwa kuti kalembera amatsogolera thandizo, ndipo kuchepetsa zomwe zadyedwa kumaoneka kwanzeru. Madera a Mulanje ndi Phalombe anasakazidwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo mu March 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. M'nyengo zotere n'kovuta kuti banja likhulupirire wofunsa akamati mayankho sakukhudzana ndi thandizo lililonse.

Kukhulupirirana pakati pa mudzi ndi alendo si nkhani yaing'ono m'dera lino. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, anthu angapo anaphedwa, ndipo mabungwe ena anayamba achotsa kaye antchito awo. Kafukufuku wofuna mkodzo kapena magazi a ana amafunika kufotokozedwa bwino kwa mafumu ndi makolo asanayambe. Malamulo a dziko lino amafuna kuti kafukufuku wa zaumoyo avomerezedwe ndi komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa, kuti kholo livomere, komanso kuti mwana wozindikira afunsidwe ngati iye mwini akufuna.

Zomwe zimachitika ndi ziwerengero

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo ana 8 okha mwa 100 a miyezi 6 mpaka 23 ndi amene ankalandira chakudya chokwanira pa mitundu ndi pa kangati. Ziwerengero ziwirizi zimalembedwa limodzi m'malipoti, koma sizinabadwe mofanana. Choyamba chinachokera pa thabwa loyezera msinkhu. Chachiwiri chinachokera pa zomwe amayi anakumbukira za dzulo lake. Izi sizikutanthauza kuti chachiwiricho n'chabodza, koma kuti chiyenera kuwerengedwa podziwa komwe chinachokera.

Mayankho akasonkhanitsidwa, amasandutsidwa michere pogwiritsa ntchito buku losonyeza zomwe zili m'chakudya chilichonse. Malawi anakhala ndi buku lakelake lotere mu 2019, lomwe yunivesite ya LUANAR inatenga nawo mbali polikonza. Lisanatuluke, ofufuza ankabwereka ziwerengero za m'mabuku a mayiko ena, zomwe zinkawonjezera kulakwitsa kwina pamwamba pa kwa mwana.

Mfundo yomwe akatswiri amagwirizana ndi yakuti mayankho a tsiku limodzi amathandiza kudziwa za gulu lalikulu, koma sangagwiritsidwe ntchito kuweruza mwana mmodzi. Ngakhale mwana atakumbukira zonse bwinobwino, dzulo ndi tsiku limodzi chabe. Likhoza kukhala la msika, la maliro kapena la ukwati. Nyengo nayo imasintha zonse. Ku Thuchila kafukufuku wa mu December angapeze ana akudya mango tsiku lililonse, wa mu February angapeze nkhokwe zopanda kanthu ndi masamba ochuluka, pamene wa mu August angapeze nandolo, mbatata ndi nsima kawiri pa tsiku. Kufananitsa ziwerengero za zaka ziwiri zomwe zinatengedwa m'miyezi yosiyana n'kulakwitsa kwa ofufuza, osati kwa ana.

Kuchepetsa zolakwika

Njira yomwe ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi yodutsa m'tsikulo kangapo. Poyamba mwana amasiyidwa kuti atchule zonse zomwe akukumbukira popanda kumudula. Kenako amakumbutsidwa zinthu zoiwalika kawirikawiri, monga zipatso ndi zakumwa. Pambuyo pake amafunsidwa nthawi ndi malo, kenako tsatanetsatane ndi muyeso, ndipo pomaliza zonse zimawerengedwa kuti aone ngati pali chotsala. Unduna wa zaulimi wa ku United States unayamba kugwiritsa ntchito njira ya magawo asanu yotereyi pa kompyuta mu 2002.

Kwa ana akumudzi omwe sayendera wotchi, kufunsa motsata zochitika kumathandiza kuposa kufunsa motsata maola. Mwana amakumbukira bwino akafunsidwa zomwe anaika mkamwa popita kumjigo, pa belu lopumira, pochokera kusukulu ndi posewera mpira. Ndi bwinonso kumufunsa payekha za kunja kwa nyumba, kenako n'kufunsa wophika za ndiwo ndi mitanda. Pa zogula, mtengo umagwira ntchito ngati muyeso: mwana sadziwa kulemera kwa chitumbuwa, koma amadziwa ndalama zomwe analipira, ndipo wofufuza akhoza kukagula chofanana nacho pa malo omwewo n'kuchiyeza.

Makina atsopano akuyesedwanso. Yunivesite ya Tufts inakonza pulogalamu yofunsira pa tabuleti yotchedwa INDDEX24, yomwe inayesedwa ku Burkina Faso ndi ku Vietnam. Ku Ghana ndi ku Uganda ofufuza ayesapo timakamera tovala pathupi tomwe timajambula tokha tsiku lonse, ndipo ku Ghana ndi ku Vietnam atsikana anapatsidwa mafoni oti azijambula chakudya chawo asanadye. Njira zimenezi zimachepetsa kudalira kukumbukira, koma zimafuna magetsi otchajira, chilolezo cha aliyense amene angaoneke pa chithunzi, ndi kuwala kokwanira. M'makomo ambiri a ku Thuchila mgonero umadyedwa kutada, panja kapena pa kuwala kwa tochi, ndipo m'mbale yomwe kamera ingajambule mumakhala manja a ana atatu kapena anayi.